Zenera la kwa aTulo

Dzina lawo lenileni linatsala pa chiphaso basi. Mumsewu monse muja, kuyambira kwa wometa mpaka kwa wowotcherera zitsulo, ankangoti aTulo, chifukwa ntchito yawo inali yosoka matiresi a thonje, ndipo anthu ankalumbira kuti ukagonera matiresi a mkuluyu umadzuka dzuwa lili paliwombo, ntchito itakuthera kale. Iwo akamva zimenezi ankangomwetulira n'kuchotsa thonje m'nsidze. Anali munthu wamtali, wowonda ngati singano yawo yomwe, woyankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa wina. Imvi zawo palibe ankadziwa kuti zinayamba liti, poti mutu unali mbuu kuyambira ali mnyamata.

Shopu yawo inali chipinda chimodzi chachitali, chopanikizika pakati pa wogulitsa penti ndi wosoka nsapato. Kutsogolo kunali chitseko, kumbuyo zenera la matabwa lokhomedwa misomali ikuluikulu yadzimbiri. Kuwala kunkalowera pa lata limodzi loonekera la padenga. Anthu ankabwera atasenza matiresi awo akale, ophwatalala, onunkha zaka. ATulo ankatseka chitseko, kutumbula matiresiwo, kukhuthulira thonje lolimba ngati zibuma pa sefa yaikulu ya waya, kenako n'kuyamba kulipuntha ndi ndodo ziwiri zopyapyala mpaka litafufuma n'kuyeranso. Apo ndiye chipinda chinkasanduka china. Tiubweya ta thonje tinkakwera m'kuwala muja, kuzungulira mosafulumira, kutsika, kukweranso, ndipo ukaima momwemo unkaiwala ngati kunja ndi m'mawa kapena madzulo. Phokoso la magalimoto linkamveka ngati likuchokera kutsidya kwa mtsinje. ATulo ankaikonda nthawi imeneyi kuposa chakudya. Nthawi zina ankasiya ndodo n'kumangoyang'ana, ndipo m'fumbi loyeralo ankaona mapewa a malemu bambo awo atawerama pa sefa pomwepo.

Ntchitoyi anailandira kwa bambo awowo, iwonso anailandira kwa agogo, ndipo inabwera ndi malamulo ake. Lalikulu linali la zenera: silitsegulidwa, kaya kutenthe chotani, chifukwa mphepo ikalowa imaba tulo m'thonje. Pakamwa ndi pamphuno satsekapo, chifukwa matiresi amafuna mpweya wa mwini wake kuti akagonetse munthu. Ndiye panali lina loti munthu wamkazi asaponde m'chipindamo, limene chifukwa chake sanauzidwe n'komwe. Ali kamnyamata, bambo awo anawapeza tsiku lina akusuzumira pa mng'alu wa thabwa la zenera, anawakoka khutu, n'kutseka mng'aluwo ndi thonje. Koma diso linali litaona kale: bwalo losesedwa bwino, mtengo waukulu wamthunzi, ndi gudumu la njinga lopachikidwa panthambi likuzungulira lokha ndi mphepo. Chithunzi chimenecho anakalamba nacho.

Bwalolo linkaloweredwa kumsewu wina, ndipo aTulo sanali munthu woyendayenda. Chaka china kuseriko kunamveka amisiri ndi mafosholo awo. Malemu akazi awo anawauza kuti, "Bambo a ana, tapitani mukaone chimene akumanga kuseriko." Iwo anangoti, "Zenera losatsegula, angatitsekere chiyani?" Amisiri atachoka, mpheta zinapitiriza kulira kuseri kwa matabwa monga kale, ndipo aTulo akatopa ankatsamira khoma, kutsinzina, n'kumati mumtima: mtengo uja anausiya.

Pamodzi ndi malamulowo panabweranso chifuwa. Pabanjapo ankachitcha chifuwa cha kwathu, ndipo, Mulungu awakhululukire, ankachinyadira ngati mmene ena amanyadirira mphuno yaitali ya kumtundu. Agogo anapita nacho. Bambo awo aang'ono anapita nacho asanamere imvi zenizeni. Bambo awo anathera pampando, chifukwa akagona chagada mpweya unkakana. Munthu woti anagonetsa tauni yonse, mwini wake osatha kugona pa matiresi. ATulo ankazikumbukira zonsezi ndi chisoni, koma ngati mmene munthu amakumbukirira mvula imene inagwetsa nyumba, yopanda woimba mlandu. Nawonso m'mawa uliwonse ankayamba ndi kukhosomola mpaka misozi, kenako n'kunena kuti, "Injini yalira," n'kukatsegula shopu.

Ana awo aamuna za thonje sanafune n'kumva komwe. Wina anakwera malole, wina anapita kukagulitsa matiresi a siponji, zimene aTulo anazitenga ngati kutukwanidwa pagulu. Anatsala mwana womaliza, wamkazi, amene aliyense ankangomuitana kuti Mzime. Uyu kuyambira akukwawa ankakhala pakhomo pa shopu, mphuno ili pa mpata wa chitseko, kudikira kuti tiubweya tituluke atiwombe m'manja. Atamaliza sukulu, amayi ake atatsikira kulichete, tsiku lina anangolowa n'kutola ndodo. ATulo anayang'ana ndodozo, anayang'ana mwanayo, ndipo anaswa lamulo koyamba pa moyo wawo wonse.

"Lowa, mwanawe," anatero. "Zinazi n'zachikale."

Masiku amenewo ankayenda mumsewu mutu uli m'mwamba, kudzitama kwa wometa kuti iwo si munthu womangika ndi zakale. Pa malamulo onse aja, anasankha kuswa lomwelo.

Ndipo Mzime anali ndi dzanja. Mfundo zake zinkakhala pamzere ngati mano a chipeso, ndipo matiresi ake sankasonkhanitsa thonje mbali imodzi ngakhale agonepo munthu wogubuduka. Ankaimba akusoka, nyimbo zazitali zopeka yekha, za mphaka wa wosoka nsapato, za kasitomala amene anabwera ndi matiresi odzaza nsikidzi n'kumanena kuti ndi za aneba. ATulo ankapuntha thonje motsatira nyimboyo, thi thi, thi thi, tiubweya tikuvina m'kuwala, bambo ndi mwana onse ali mbuu ngati agwa m'thumba la laimu. Zaka zimenezo aTulo anali munthu wokondwa, ndipo ankadziwa kuti akukondwa.

Zinayamba ndi nyimbo. Mzere umene kale Mzime ankaukoka mpaka kumapeto ndi mpweya umodzi, tsopano ankaudula pakati, kumeza mate, n'kuyambiranso. Kenako kunabwera kakhosomo kouma, kosamva mankhwala a m'golosale. Tsiku loyamba kukamva, aTulo anaseka n'kunena kuti, "Make mbuu, mwana mbuu. Tsopano wakhala wa ntchito weniweni." Munthu ukanakhalapo ukanawatsina.

Kakhosomoko katakula mpaka kumamuimitsa panjira, Mzime anapita kuchipatala. Anabwerako ndi kabotolo kopopera m'kamwa ndi kansalu kotseka pamphuno, ndipo anaima pafupi ndi sefa akupotokola chingwe cha kansaluko.

"Ababa, kuchipatala akuti si za kumtundu ayi. Akuti ndi fumbi."

"Fumbi lake liti? Thonje ndi fumbi?"

"Akuti tizitseka pakamwa, ndiye titsegule zenera mphepo izidutsa. Apo ayi, akuti ndisiye ntchito."

"Iwowo anasokapo matiresi?"

"Sanasokepo, ababa. Koma chithunzi cha m'chifuwa mwangamu andionetsa. Muli mitambo."

ATulo anayang'ana kudenga, kumene tiubweya tinali kuyandama m'kuwala, ndipo anachotsako maso msanga.

"Mawu a akulu amakoma akagonera, mwanawe. Agogo ako sanali opusa."

Mzime anapinda kansalu kaja n'kukaika m'thumba la epuloni, chifukwa ankawakonda bambo ake ndipo ntchitoyo ankaikonda. Ankakavala iwo akatuluka, n'kukavula akamva mapazi awo pakhomo. ATulo ankaona mizere ya chingwe m'masaya mwa mwana wawo n'kunamizira kuti sakuona, ndipo zinkawapweteka pawiri: kuti mwana akuwabisira, ndi kuti akuvula chifukwa cha iwo. Sanali munthu wouma mtima. Ankaopa. Ngati zenera linali lolakwa, ndiye kuti bambo awo anafera pampando paja popanda chifukwa, ndipo munthu sufuna kumva zimenezo za bambo wako. Choncho anakhala pakati, uku manda a bambo, uku chifuwa cha mwana, akupuntha thonje m'chipinda chimene tsopano munalibe nyimbo.

M'nyengo yomweyo kunabwera matiresi a azakhali awo kuti apunthidwenso. Azakhaliwo anali mlongo wa malemu bambo awo, munthu yekhayo wotsala wa m'badwo umenewo, ndipo ankakhala kwa mdzukulu wawo kumapeto kwa tauni. Maso anali atawathera, koma lilime linali lidakali lakuthwa ngati lumo latsopano. Matiresi atatha, aTulo anawamanga panjinga n'kukankha okha, akupumira pansi pa mitengo ya m'mbali mwa msewu. Asanagogode n'komwe, chifuwa chinawalengeza.

"Ameneyo ndi mwana wa achimwene," anatero azakhali ali m'nyumba. "Chifuwa ndachizindikira, nkhope ndilibe nayo ntchito. Lowa, iwe."

ATulo atayala matiresi pabedi, azakhaliwo anawapapasa ndi zikhato, kuwanunkhiza, n'kutsatira mfundo ndi chala.

"Wasoka ndani? Mfundozi si zako. Iwe umamanga ngati ukumanga mbuzi."

"Ndi Mzime, azakhali."

"Mtsikana uja? M'chipinda muja?" Chala chinaima. "Ndiye kuti zenera munatsegula?"

"Aa, azakhali, zenera lija? Mphepo ingabe tulo m'thonje."

Azakhali anaseka. Anaseka mpaka kugwira mimba, mpaka mdzukulu anasuzumira pakhomo kuona ngati sakutsamwa.

"Tulo! Achimwene anakuuza choncho? Mayo ine, mpaka lero! Khala pansi, iwe. Ine ndinalipo, ndili kamtsikana kotere. Zenera lija linkakhala lotsegula tsiku lonse, amayi ankasokera pomwepo pofuna kuwala. Kuseri kuja, pansi pa mtengo, kunali wokonza njinga, wamano oyera, wanthabwala zosatha. Amayi akaseka, bambo ndodo zinkawagwa m'manja. Tsiku lina wanjinga uja anawaponyera amayi lalanje pazenera. Lalanje basi! Madzulo ake bambo anabwera ndi misomali. Amayi anauzidwa kuti asadzapondemonso, ife ana aakazi chimodzimodzi. Ndiye makasitomala akafunsa kuti bwanji mukudzitsekera m'ng'anjo, bambo wandevu zake akanati chiyani, kuti ndikuchita nsanje? Anapeka za mphepo yakuba tulo. Achimwene anali aang'ono, anameza zonse."

ATulo anamva ngati mpando ukuyandama.

"Nanga zosatseka pakamwa?"

"Bambo ankasunga singano pakamwa, iwe! Akanatsekapo bwanji?"

"Ndiye bwanji simunanene zaka zonsezi, azakhali?"

"Anandifunsa ndani? Safunsa anadya phula. Ife akazi za kushopu tinauzidwa kuti si zathu. Tinalira potithamangitsa, tikuti atimana ntchito. Taona lero, alongo anga onse ali kumanda, ine ndatsala ndikutafunira nkhama." Kuseka kutawathera, anatembenuzira nkhope kumene kunali kupuma kwa aTulo. "Mwanayo akukhosomola?"

ATulo anayang'ana pansi n'kuchotsa kaubweya ka thonje pabondo.

"Wamva m'mimba ndiye amatsegula chitseko, mwana wa achimwene. Ukudikira ndani?"

Ulendo wobwerera sanaudziwe mmene anayendera. Njinga yopanda katundu inkangowatsogolera. Ankati akwiyire agogo, koma ankangoona mwamuna wamanyazi atanyamula misomali m'kapepala, n'kufuna kuseka. Ankati aseke, n'kuona bambo awo pampando paja, pakamwa pali yasa, akusaka mpweya umene unali kuseri kwa thabwa limodzi. Anthu onse aja anapita chifukwa cha lalanje. Misozi inatsika ali pakati pa msewu, ndipo wogulitsa nthochi wina anawafunsa ngati chawagwera m'maso.

Koma atayandikira kwawo mtima unayamba kupepuka, chifukwa anakumbukira mtengo. Anauona bwinobwino, masamba akugwedera, mthunzi uli ndii pabwalo losesedwa. Anaganiza kuti mpando wa Mzime adzauika pansi pa zenera, pomwe ankakhala agogo aakazi. Mphepo idzalowa yozizirira, yonunkhira masamba, idzadutsa m'chipinda monse n'kutulukira pakhomo, ndipo mitambo ya m'chifuwa mwa mwana idzapita nayo limodzi. Anafika kunyumba akumwetulira okha ngati munthu amene wabisa mphatso kumbuyo.

M'mawa mwake anabwereka chitsulo chozulira misomali kwa wowotcherera. Mzime atafika anawapeza ataima pazenera, manja a malaya atapinda.

"Ababa, mukutani?"

"Ndikukuitanira mphepo. Ima patali."

Misomali inakana. Inali itagwirana ndi thabwa ngati mizu, ndipo uliwonse unkatuluka ukulira mokweza, mpaka wosoka nsapato anagogoda khoma kufunsa ngati kuli bwino. ATulo ankazula umodzi, kukhosomola, kupuma atagwira bondo, n'kuyambanso. Thonje lija bambo awo anatsekera mng'alu linagwa lokha, lakuda, louma ngati ndowe yakale. Msomali womaliza utatuluka, anapukuta manja m'buluku, anamuyang'ana Mzime ndi maso a kamnyamata kaja, n'kukoka zenera.

Kunali khoma. Khoma la njerwa zosapaka, lalitali kupitirira denga, litaima pafupi moti dzanja silikanatha kuwongoka. Pampata wapakatipo panali mdima, akangaude, ndi zisa za mpheta zomangidwa ndi thonje lawo lomwe. Mpheta imodzi inawayang'ana cham'mbali n'kuthawira m'mwamba. Mphepo sinalowe ngakhale yogwedeza kaubweya kamodzi.

ATulo anatambasula dzanja n'kugwira njerwa. Zinali zozizira. Anamva mawu a akazi awo ngati ali pambali pomwepo, bambo a ana, tapitani mukaone, ndipo anadziwa kuti zenera linawadikira zaka zambirimbiri mpaka linatopa. Mtengo unadulidwa kalekale, iwo akuutsamira ndi maso otsinzina.

Kumbuyo kwawo Mzime anayamba kuseka, kuseka kwachisoni kofuna kuwapeputsa bambo ake, koma kusekako kunasanduka chifuwa. Anakhosomola atagwira m'mphepete mwa sefa, mapewa akunjenjemera, akufufuza kabotolo m'thumba. ATulo anamuyang'ana. Kaweramidwe kake kanali komwe kaja ankakaona m'fumbi, ka malemu bambo awo.

ATulo ananyamula mpando wa Mzime n'kutuluka nawo pakhonde. Anabwerera, n'kutenga singano, ulusi, sizasi, mpukutu wa nsalu yamizeremizere. Kenako anagwira sefa yaikulu ija, imene sinasunthepo chikhalire, n'kuikoka ikukhuluza simenti mpaka kunja, pafupi ndi ngalande ya msewu. Mzime atafuna kulowa kuti atenge ndodo, anapeza bambo ake ataima pakhomo, manja atatambasula.

"Muno sulowanso."

"Ababa, mwabwezeretsa lamulo la agogo?"

"Lokhali basi. Ndipo kansalu kaja tulutsa, vala ndikuona. Kena ukandipezere inenso."

Lero mukadutsa mumsewu uja mudzawapeza panja. Chipinda chija chinasanduka mosungira katundu, ndipo zenera lake limakhala lotsegula, loyang'ana khoma. ATulo amapunthira thonje kumunsi kwa mphepo, kansalu kali pamphuno, Mzime amasokera pakhonde chakumtunda. Mphepo imaba thonje ndithu, pamenepo agogo sananame. Limauluka kudutsa msewu, kukakola pa mawaya a magetsi ndi m'tsitsi la makasitomala a wometa, ndipo wogulitsa penti amadandaula tsiku lililonse. ATulo amangoliyang'ana likupita. Za tulo palibe kasitomala anabwerapo kudzadandaula kuti matiresi asiya kugonetsa.

Kuchipatala anamuuza Mzime kuti mitambo ija siikuwonjezeka, koma imene inalowa kale siidzatuluka. Iye amati akupeza bwino, ndipo masiku ena, dzuwa likafunda, amayamba kuimba. Amayamba bwinobwino, ya mphaka wa wosoka nsapato ija, mawu akukwera mofewa pamwamba pa phokoso la magalimoto. Akamayandikira pakati pa mzere, pamene mpweya umamuthera, ndodo za aTulo zimaima m'mwamba. Wometa amadziwa, wosoka nsapato amadziwa, ndipo onse amayang'ana kumbali. Mkulu uja amaima choncho, manja ali m'mwamba, thonje likumuulukira m'mbali, osapuma n'komwe, ngati kuti mpweya umene akusunga ungamufikire mwana wake kuti amalize mzerewo.